Wotchi Inali Pamwamba pa Duku la Amayi

Linali Lachisanu la mwezi wa Novembala, m'chaka cha 1976, ndipo ine ndinali pa desiki yanga ya kumbuyo kwenikweni, ndikuyanika magolovesi onyowa pa chitsulo chotenthetsa m'kalasi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinali titakhala ku Mississauga chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo m'nthawi yonseyo anzanga a m'kalasi ankangondimva ndikuyankha poitana mayina basi. Chingerezi ndinkachidziwa, ndinachiphunzira ku Blantyre, koma chinkatuluka ndi kamvekedwe kakwathu, ndipo tsiku loyamba ana ena anayang'anizana nditayankhula. Kuchokera pamenepo zonse zimene ndinkafuna kunena ndinkauza dayale yanga, kabuku ka chikuto chobiriwira kamene ndinkalembamo m'Chichewa kuti wina akakatola asamve kanthu.

Aphunzitsi athu a jogalafe, mayi wamtali amene magalasi ake ankalendewera pa kaunyolo, anapachika mapu a ku Ulaya pa bolodi. Anati sabata yotsatira aliyense adzaimirira kutsogolo kwa mphindi zisanu n'kufotokoza zinthu zofunika kuziona mu likulu la dziko limodzi la kumeneko, ngati kuti akuperekeza alendo. Kenaka anafunsa ngati alipo amene anapondako mu mzinda wotero.

Mtsikana wa tsitsi lofiira amene ankakhala kutsogolo kwanga anati agogo ake anabadwira ku London, koma iye sanapiteko. Wina anati anafikako ku Buffalo, anthu n'kuseka.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinakweza dzanja langa. Ndinangoliona lili m'mwamba, golovesi ili m'chikhatho, madzi akutsikira ku chigongono.

"Ine ndinafikako ku London," ndinatero.

Mitu yonse inatembenuka. Wa tsitsi lofiira uja anatembenuka ndi mpando womwe.

"Si unachokera ku Africa iwe?"

"Eya. Koma ndege yakwathu sifika kuno. Tinatsikira ku London, tinakhalako masiku awiri."

Ndikanalekera pomwepo. Koma lilime langa linali litagona chaka chathunthu, ndipo litadzuka silinafune kukhalanso pansi.

"Tili ndi zithunzi," ndinapitiriza. "Zambiri. Bambo anga anajambula zonse, wotchi yaikulu ija, mlatho, nyumba ya Mfumukazi, zonse."

Aphunzitsi anavala magalasi kuti andione bwino. Anafunsa ngati ndi zithunzi za papepala, ine ndinati ayi, ndi masilaidi. Anaomba m'manja kamodzi, nati sukulu ili ndi makina oonetsera masilaidi, ndipo ine ndidzakhala woyamba Lolemba m'mawa.

Titaweruka, wa tsitsi lofiira uja anandidikira pakhomo. Palibe amene anandidikirapo pakhomo limenelo.

"Asilikali a zipewa zaubweya aja unawaona? Enieni?"

"Enieni. Mmodzi ndinaima naye pafupi chonchi."

"Sanaseke?"

"Sanaphethire n'komwe."

Anayenda nane mpaka pa mphambano, akufunsa ichi ndi icho, ndipo posiyana anati Lolemba adzakhala mpando wa kutsogolo. Njira yotsalayo ndinathamanga. Ndinaswa ndi chidendene ayezi aliyense wa m'zithaphwi amene ndinamupeza, ndinapereka moni kwa galu wa eni, ndipo pa fulati yathu sindinadikire lifiti, ndinakwera masitepe onse mpaka nsanjika yachinayi.

Nkhani ya masilaidiwo inali yotere. Titatsika ndege ku London, bambo anagula filimu ya kamera yawo yatsopano. Ankafuna zithunzi za papepala zoti atumize kwathu mu emvulopu, koma anatola mtundu wina wa filimu osadziwa. Titafika ku Canada n'kukatsukitsa, anapatsidwa kabokosi kodzaza tizithunzi ting'onoting'ono ta m'mafelemu a katoni, toti munthu sangaone bwino popanda pulojekita, makina owalitsira chithunzi pakhoma. Makinawo tinalibe. Bambo anaunika masilaidiwo okha pawindo tsiku limodzi, kenaka anawatsekera mu sutikesi ya pamwamba pa wodilopu pamodzi ndi mapasipoti, nati zala za ana zimasiya mafuta. Choncho ine ndinali ndisanaoneko ngakhale chimodzi. Koma sindinakayike. Ndinalipo pamene ankajambula.

Masana amenewo ndinadzaza masamba atatu a dayale ndi London yanga. Ndinalemba za wotchi ya pa nsanja imene inalira ife tili pansi pake, kulira kwake n'kundilowa m'chifuwa ngati ng'oma. Ndinalemba za mlatho wa nsanja ziwiri, madzi a mtsinje ali bii ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinalemba za bwalo la nkhunda, pamene pali mikango inayi yachitsulo yogona mozungulira chipilala chachitali, chachitali moti munthu wamwala woima pamwamba pake ndinamuona chipewa chokha. Ndinalembanso za masitepe oyenda okha otsikira ku sitima ya pansi pa nthaka, pamene amayi anaima mphindi zambiri akusankha sitepe yoti aponde, anthu akutidutsa mbali zonse. Nsapato zanga zatsopano zinandiluma masiku onse awiri, koma zimenezo sindinalembe, chifukwa si zoonetsa alendo.

Bambo atabwera kuchokera ku chipatala kumene ankagwira ntchito yoyeza magazi, ndinawatengera tiyi n'kugwada pambali pa mpando wawo. Amayi ankati Canada ndi wa panja, m'nyumba muno ndi m'Malawi.

"Ababa, kusukulu akufuna kuona zithunzi za ku London."

Anatsitsa nyuzipepala. "Akufuna ndani?"

"Aphunzitsi. Ndi kalasi yonse."

"Wawauza ndani kuti tili nazo?"

"Ine."

"Iwe? Pakamwa?"

Amayi anatulukira kuchokera ku khitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja. "Wayankhula m'kalasi? Bambo, mwamva? Wayankhula!"

"Ndamva, ndamva." Bambo anayesa kubisa kumwetulira m'kapu, koma makutu awo anakwera. "Akazione. Zithunzi zimenezo n'zabwino zedi. Palibe malo amene ndinasiya."

Anati sibwino kukaonetsa anthu zinthu zimene eni ake sitinazione pakhoma, choncho anaimbira foni mnzawo wa ku Zambia amene ankakonza ndege ku bwalo la ndege. Ine ndinkamutcha amalume, ngakhale panalibe ubale wamagazi. Anali ndi pulojekita, ndipo anavomera kubwera nayo Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Loweruka ndinapita ku laibulale n'kubwereka buku lalikulu la zithunzi za London. M'menemo ndinaphunzira kuti dzina loti Big Ben kwenikweni ndi la belu lili m'katimo, osati la wotchi, ndiponso kuti mlatho uja umatseguka pakati kuti sitima zapamadzi zidutse. Ndinalemba mawu anga onse m'Chingerezi pa timapepala tisanu. Kenaka ndinadzitsekera ku bafa, ndinatsegula mpopi kuti anthu asandimve, n'kumauza galasi kuti, alendo olemekezeka, tayang'anani kudzanja lamanja. Galasilo linamvetsera bwino kwambiri. Amayi anagogoda kawiri kufunsa ngati m'mimba muli bwino.

Lamulungu masana anabwera azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene anali namwino ku Brampton. Anabwera ndi mandasi odzaza chitini, nati sangaphonye kanema waulere. Amalume anafika atanyamula pulojekita ngati khanda. Amayi anasita shiti yoyera ya pabedi, tinaikhomerera kukhoma ndi timisomali ta kalendala, ndipo poti makatani athu anali opyapyala, tinapachikanso mabulangete pamawindo. Kunja dzuwa linali likadalipo, koma m'nyumba munachita mdima wokoma ngati m'nyumba ya kanema. Ine ndinakhala pansi kutsogolo, timapepala tanga tili pamwendo.

Bambo anatsitsa sutikesi, anatulutsa kabokosi kaja n'kukapereka ndi manja awiri. Makina anayamba kulira, fumbi likuvina m'kuwala kwake.

Chithunzi choyamba chinatuluka chozondoka, amayi ataima ndi mutu.

"Alamu, ku London munkayenda chonchi?" anafunsa azakhali.

"Sole, sole, nafaka mozondoka," anatero amalume. Chinyanja chawo chinali cha ku Lusaka, chimene ine chinkandiseketsa ngakhale akunena za maliro.

"Fokasaninso, akulu, akuoneka ngati ali m'madzi," anatero bambo. Anatenga rula yanga n'kukaima pambali pa shiti ngati mphunzitsi. Chithunzi chitayera bwino anagogoda khoma ndi rulayo. "Apa ndi pa Big Ben."

Pa shitipo panali amayi ndi ine. Tinaima mowongoka, manja m'mbali, titavala zikhothi zatsopano. Amayi ankaoneka bwino kuyambira pa mfundo ya duku mpaka ku zidendene. Ine ndinkaoneka kuyambira pa riboni mpaka pa nsapato zoluma zija, zikunyezimira. Kumbuyo kwathu kunali mpanda wa zitsulo zakuda ndi khoma lamiyala lotuwa.

Tonse tinadikira pang'ono, ngati kuti wotchiyo itulukira yokha.

"Manje Big Ben ili kuti, mudala?" anafunsa amalume. "Ine niona chabe nsapato."

"Ili pamwamba. Pitirizani."

Makina anati khethe. Panabwera amayi okha, atagwira chikwama ndi manja awiri, atatsamira kampanda kamiyala.

"Mlatho wa nsanja ziwiri," analengeza bambo.

"Uli kuti?"

"Aima pomwepo. Akuuponda."

Azakhali anayamba kutsokomola, nyenyeswa za mandasi zitawalowa pakhosi. Ine ndinati mwina zoyambazi n'zoyeserera, zenizeni zili kutsogolo. Khethe. Ine ndi amayi kutsogolo kwa zitsulo za geti, imene bambo anati ndi ya nyumba ya Mfumukazi. Khethe. Ine ndekha, maso ali tong'o, ndipo m'mphepete mwa chithunzi muli mchira wa hatchi. Khethe. Bambo, atavala suti ndi tayi, chipewa chili m'manja, ataima pa masitepe a tchalitchi chachikulu chimene sichinkaoneka. Chimenecho anajambula ndi amayi, motsatira malangizo. Khethe. Ine nditakhala pa mwala, ndipo pafupi ndi phewa langa pali chinthu chakuda cha zikhadabo zinayi.

"Mkango," anatero bambo.

"Achimwene," anatero azakhali akupukuta misozi, "mkangowo unathawa n'kusiya phazi?"

"Inu simudziwa kujambula, khalani chete."

"Ine naendapo ku London kawiri," anatero amalume, "koma iyi London ya makoma sininaione. Iyi ingakhale Kabwe ya kwathu ku Zambia, mwandi."

Bambo anaika rula m'khwapa. Sanakwiye. Anayankhula pang'onopang'ono ngati mmene ankafotokozera odwala za magazi awo.

"Tamverani. Chithunzi ndi cha munthu. Mayi athu ku Dedza akatsegula emvulopu akufuna aone chiyani? Wotchi? Ali nayo ntchito wotchi ya eni ake? Akufuna aone ngati mdzukulu wawo wanenepa, ngati wavala nsapato, ngati mpongozi wawo ali ndi chofunda. Ukadula mapazi a munthu pa chithunzi, kumudzi amafunsa kuti akubisa chiyani."

"Apo pokha mwanena zoona," anavomera azakhali. "Ine ndinatumiza chodula m'chiuno, anandilembera kalata yofunsa ngati ndili ndi pakati."

Anaseka onse, ndipo makina anapitiriza. Ine ndinkawerenga chamumtima, ndikuyembekeza kuti chimodzi chokha, chimodzi basi, chikhala ndi denga. Panali ine ndi nkhunda pamutu, chithunzi chogwedera chifukwa bambo ankaseka pojambula. Panali amayi pafupi ndi mkono wa malaya ofiira, ndipo bambo anati mkonowo ndi wa msilikali wa chipewa chaubweya. Panali ife pa khomo la hotela, ife pa benchi, ife pafupi ndi tayala la basi. Kenaka shiti inangowala yoyera.

"Zatha," anatero amalume. "Koma filimu imankhala na sate-sikisi. Apa napenda sate-firii. Zitatu zili kuti?"

"Zinawonongeka," anatero bambo.

"Zinapsa?"

"Ayi. Tinapempha mzungu wina wodutsa kuti atijambule tonse atatu. Munthuyo m'malo moima pafupi, anayamba kubwerera m'mbuyo. M'mbuyo, m'mbuyo, mpaka kuwoloka msewu. Ine ndimati akuthawa ndi kamera. Zotuluka zake? Nsanja yonse, wotchi yonse, mitambo, basi yofiira, ife pansi apo ngati nyerere. Nkhope osaoneka n'komwe. Katatu konse anachita zomwezo. Ndinataya."

Amalume anatsetsereka pa mpando mpaka kukhala pansi. Azakhali anagwira amayi paphewa, amayi anagwira tebulo, makapu akulira. Ngakhale ine ndinaseka, chifukwa panalibe kuchitira mwina, koma kusekako kutafika pakati kunasanduka china. Ndinakumbukira mpando wa kutsogolo. Ndinanyamula tipoti ngati ndikukawonjezera madzi, n'kulowa ku khitchini.

Ndinaima pafupi ndi ketulo, misozi ikugwera pa timapepala tanga. Ndinali nditalonjeza wotchi, mlatho ndi nyumba ya Mfumukazi pamaso pa kalasi yonse, ndipo ndinali ndi makoma makumi atatu ndi atatu. Ndani akanakhulupirira kuti ndi London? Akanati mtsikana wa ku Africa uja anayankhula kamodzi kokha, ndipo linali bodza.

Chitseko chinatseguka. Ndinkayesa ndi amayi, koma anali bambo, amene sankalowa ku khitchini alendo ali m'nyumba. Anaima pafupi ndi firiji, rula ikadali m'manja.

"Unawalonjeza wotchi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ine ndimati akufuna kuona iwe uli ku London." Anayang'ana rula, kenaka anayang'ana ine. "Ndikhoza kulemba kalata kwa aphunzitsi. Ndinene kuti masilaidi sangatuluke m'nyumba. Ukangowerenga za m'buku lako lija, n'kukhala pansi. Palibe amene adzadziwe."

Bambo anga sankanama ngakhale pa zazing'ono, ndipo ndinaona mmene mawuwo anawalemerera. Kalatayo ikanandipulumutsa. Ndikanawerenga timapepala tanga maso ali pansi, n'kubwerera ku desiki yanga ya kumbuyo, n'kukhala monga kale. Ndinati ndiganize kaye. Anati chabwino, n'kunyamula okha tipoti kupita nayo kwa alendo.

Nditasamba kumaso n'kubwerera, amalume anali atabwezeretsa chithunzi choyamba chija, cha ine ndi amayi pa mpanda wa zitsulo. Azakhali anandiyang'ana m'maso, anaona kuti ndalira, koma sananene za zimenezo.

"Eya, abwera otiperekeza," anatero. "Ife ndife alendo, tachokera kutali, miyendo yatupa. Tatiuzani, mayi, wotchi yotchukayo ili pati?"

Sindidziwa ngati ankandiseka kapena ankandikoka. Ndinayenda mpaka pa shiti, kuwala kwa makina kukundithobwa m'maso moti nkhope zawo sindinkaziona. Zimenezo zinandithandiza. Ndinakweza dzanja kupitirira duku la amayi, kupitirira pothera shiti, mpaka pa khoma lopanda kanthu.

"Ili apa," ndinatero.

"Sitikumva Chichewa ife, ndife azungu," anatero azakhali.

Ndiye ndinanena m'Chingerezi, mokweza kuposa mmene ndinkanenera ku bafa. Ndinati alendo olemekezeka, awa ndi amayi anga, uyu ndine, ndipo pamwamba pa duku la amayi anga pali wotchi yotchuka kwambiri mu London. Ndinati bambo anga sanaijambule chifukwa agogo anga sanaifunse.

Amalume anamenya tebulo. "Iyo! Ukakambe chamene icho!"

"Koma alendo akufuna kuiona," anatero azakhali. "Talipira ndege ife."

Ndinathamangira kuchipinda, ndinatenga buku la ku laibulale ndi makrayoni, ndinathothola tsamba la mwezi watha pa kalendala n'kulitembenuza. Ndinagwada pansi n'kujambula nsanja, yosongoka pamwamba, ndi nkhope ya wotchi yozungulira. Sinali yowongoka. Amalume anandigwirira mpando, ndinakwera, n'kumata pepalalo pakhoma pamwamba pa shiti. Nditatsika n'kuyang'ana, nsanjayo inali itamera bwinobwino kuchokera pa khoma lotuwa la m'chithunzi, ndipo amayi ndi ine tinali titaima pansi pake.

Amayi anaiwala kuti tili pa fulati. Anaimba nthungululu yathunthu, ya pa ukwati. Patangopita kamphindi, a nyumba ya pansi pathu anagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache, gu, gu, gu. Tonse tinagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Big Ben yalira," ananong'ona amalume, ndipo azakhali anathawira ku bafa.

Kuyambira pamenepo palibe amene anakhalanso bwino pa mpando. Kalendala inatha masamba, ndi la mwezi wamawa lomwe. Ndinajambula nsanja ziwiri za mlatho. Ndinajambula mkango wonse wolumikiza ku phazi lija, ndipo bambo anati ukufanana ndi galu wa kwa aneba athu ku Blantyre, koma anandigwirira pepala pomata. Tikafika pa chithunzi chilichonse, wina ankakumbukira zimene zinachitika pamalopo, zinthu zoti m'buku la ku laibulale munalibe.

Pa chithunzi cha mkono wofiira, bambo anati, "Mayi, auzeni za mwana wa eni uja."

"Aa, zisiyeni."

"Auzeni, alamu," anatero azakhali.

Amayi anakonza duku. "Ine ndinaona mnyamata waima pa geti, dzuwa likumuwomba, chipewa ngati mtolo wa udzu. Ndinati munthu sungaime naye pafupi osamupatsa moni. Ndinapinda mawondo, gudumoning'i. Zii. Ndinati mwina chipewa chatseka makutu. Gudumoning'i! Zii. Kachitatu ndinachita kumuyang'ana m'maso."

"Ndiye?"

"Ndinati mwana uyu kwawo kulibe akuluakulu. Koma nditamuyang'anitsitsa ndinaona thukuta likutsika, milomo youma gwa. Ndinamva chisoni. Ndinatulutsa lalanje m'chikwama kuti ndimuikire pafupi ndi nsapato, akaweruka adye."

"Ndinachita kuwakoka," anatero bambo. "Tikanagona ku polisi chifukwa cha lalanje."

"Mpaka lero ndimamuganizira," anatero amayi. "Chisoni. Kaya anadya chiyani tsiku limenelo."

Ine ndinali nditaiwala za lalanjelo. Ndinatembenuza kapepala kanga kachitatu n'kulemba kumbuyo kwake, mofulumira, ndisanaiwalenso. Ndinafunsa amayi ngati ndingakanene zimenezi kusukulu. Anati ndikanene, bola ndikanenenso kuti chikhothi chawo chinali chatsopano.

Tinabwereza kawiri. Ulendo wachiwiri azakhali anadzisandutsa mwana wovuta wa m'kalasi, akukweza dzanja n'kumafunsa kuti ku Africa kuli mawotchi kodi, nanga nkhundayo inakusiyira mphatso pamutu? Poyamba ndinkangoyang'ana pansi. Anati ayi, yankha, wakufunsa ndi mnzako, si polisi. Ndinayankha. Mawu anga ankanjenjemera poyamba pa chiganizo chilichonse, koma pofika kumapeto ankaima okha.

Amalume, akukulunga chingwe cha pulojekita, anati mapepala a kalendala ndi aang'ono, a kumbuyo kwa kalasi sadzaona. Anafunsa ngati kusukulu kuli bolodi lalikulu. Ndinati lilipo, la khoma lonse.

"Manje mvela. Umate pepala yoyera pansi pa bolodi, makina aonetse pamene apo. Pamwamba pankhale bolodi chabe. Iwe na choko, udrowinge bamene bali kuona."

"Pamaso pawo?"

"Pamenso pawo. Ukachedwa, bazayembekeza. Bazafuna kuona ngati mkango uzankhala mkango."

Alendo ananyamuka dzuwa litangolowa, chifukwa azakhali ankayamba ntchito m'mamawa. Tinatsitsa mabulangete, amayi anapinda shiti, koma anakana kuti ndichotse mapepala anga, anati akhale pakhoma mpaka Khirisimasi. Bambo anakhala pa tebulo ndi kabokosi kaja. Anatenga cholembera ndi pepala la kalata, n'kundiyang'ana.

"Ndilembe?"

"Ayi, Ababa. Mundisankhire zisanu ndi zitatu zokha. Mphindi zisanu n'zochepa."

Anabweza cholembera m'thumba la malaya. Tinasankha limodzi, iwo akuunika chimodzichimodzi pa getsi, ndipo kwa nthawi yoyamba anandilola kugwira, m'mphepete mokha. Anafuna kuikamo cha pa khomo la hotela chifukwa nsapato zinatuluka bwino kwambiri. Ndinawachonderera, tinasinthanitsa ndi cha nkhunda. Anakulunga masilaidiwo m'kampango kawo koyera ka m'thumba n'kuika m'bokosi la machesi aakulu a ku khitchini, ndipo anandiuza katatu kuti lisalowe m'thumba limodzi ndi magolovesi.

Tisanadye chakudya chamadzulo ndinakhala pa bedi ndi dayale yanga. Dzanja linali ndi utoto wa makrayoni. Mantha analipo ndithu. Mwina adzaseka kamvekedwe kanga. Mwina wa tsitsi lofiira adzati mkono si msilikali. Ndinalemba zonsezo kuti zichoke m'mutu, kenaka ndinajambula mzere, ndipo pansi pake ndinalemba zoti ndichite.

Mawa ndidzuka msanga, ndikafike kusukulu belu lisanalire. Ndikagogoda pa chitseko cha aphunzitsi ndekha, ndikawauza zoona, kuti zithunzi zathu zili ndi anthu koma zilibe madenga. Kenaka ndikapempha pepala lalikulu loyera, choko chatsopano, ndi mpando woti ndikwerepo.